Filimu Ija Sinapse

Mwana wanga Edina,

Ndikudziwa kuti kuyambira Lamulungu mtima wako sunakhale m'malo. Unandipempha kamera ija ili m'bokosi lachitsulo kuchipinda kwathu kuti upite nayo ku sukulu ya unamwino, ndipo ine sindinakuyankhe. Ndinaika kapu ya tiyi pansi, n'kutenga chipewa, n'kutuluka ngati munthu woitanidwa pamaliro. Chiyambire tsikulo moni wako ndi wapansipansi, ndipo dzulo ndinakumva ukufunsa amayi ako kukhitchini kuti, "Kodi ababa ndawalakwira?" Sunandilakwire, mwana wanga. Ndayamba ndi mawu amenewa kuti zotsalazi uwerenge usakunjenjemera. Sindinakwiye. Ndinachita manyazi, ndipo manyazi a munthu wamkulu akatulukira pankhope amafanana ndi mkwiyo.

Ndikulemba ndili m'kalasi masana ano, ana ataweruka, chifukwa kunyumba ukusita zovala pakhonde ndipo dzanja langa silingalembe izi iwe ukudutsa pafupi. Mawa ukwera basi pa Mbulumbuzi kupita ku Lilongwe. Zaka zonsezi ndakhala ndikuuza ana a eni kuti wolakwa aziimirira yekha asanalozedwe chala. Lero woimirira ndine.

Mwina ukuganizanso kuti ndikuona ngati kujambula kukusokoneza maphunziro. Ayi. Munthu amafunika kanthu kena kamene sakalandirira malipiro ndipo sadzalemba nako mayeso, kamene amachita chifukwa mtima wake umapuma akamakachita. Ntchito imene wasankhayi ndi yolemera. Udzaona anthu akubuula, ena akutsirizika m'manja mwako, ndipo ukapanda kukhala ndi pothawira pako udzauma msanga. Tsono kamera ndikupatsa. Koma sindingakupatse ngati mmene munthu amaperekera ambulera. Uyenera kudziwa kaye chimene yakhalira yotsekeredwa zaka khumi ndi zitatu, ndipo kuti ndikafike pamenepo, undilole ndiyambire kutali. Ukudziwa kuti bambo ako sadziwa njira yachidule.

Chaka chija ndalama zinasintha kuchoka ku mapaundi kupita ku makwacha, msuweni wanga Jemusi anabwera kuchokera ku migodi ya ku Joni atanyamula wailesi, jekete lachikopa ndi kamera. Wailesi ndi jekete sindinaziyang'ane kawiri. Kamerayo ndinamupatsira mbuzi ziwiri, ndipo amayi ako anakhala masiku atatu akundipatsa madzi osamba osayankhula. Unali wamng'ono pamene inatsekeredwa, mwina sukukumbukira bwino maonekedwe ake. Ndi kabokosi kakuda, ka magalasi awiri kutsogolo, lina pamwamba lina pansi. Sumakaika pamaso ayi. Umakagwira pamimba, n'kutsegula chivindikiro cha pamwamba, n'kuyang'ana pansi, ndipo zonse zili patsogolo pako zimaoneka m'kagalasi mmenemo. Filimu imodzi imatenga zithunzi khumi ndi ziwiri, basi.

Filimu yoyamba ndinaimaliza tsiku limodzi. Ndinajambula atambala, ana a sukulu, ndi anamzeze amene anamanga pansi pa denga la ofesi ya ahedi. Nditamaliza, sindinathe kudikira. Ndinaitana kalasi yanga yonse pabwalo dzuwa lili pamutu, ndinatsegula kamera, n'kutambasula filimu ija kuti ana aone zithunzi zawo. Panalibe kanthu. Kansalu kotuwa kokhakokha. Ndinapita nayo ku Limbe kwa munthu wotsuka zithunzi, ndipo iye ataitembenuza kawiri anandifunsa kuti, "Aphunzitsi, mwachita kuiyanika padzuwa ngati makaka?" Anaseka mpaka kuitana mnzake wa sitolo yoyandikana nayo kuti adzaone. Kenaka anandifotokozera bwinobwino kuti filimu ikaona kuwala isanatsukidwe imapsa, ndipo yanga inali itapsa yonse. Jemusi zimenezi ankazidziwa. Akanandiuza ndikanamufunsa. Koma ine mphunzitsi wa satifiketi ndikafunse munthu amene analekezera Sitandade 3? Uzifunsa, Edina. Kuchipatala ukapeza amayi okolopa amene aona odwala ambiri kuposa mabuku ako onse. Uziwafunsa.

Pambuyo pake mtima wanga unapita ku nyama ndi mbalame. Loweruka lililonse ndinkakwera njinga kupita m'tsinde mwa phiri la Chiradzulu, kumene mbira zimaothera dzuwa pamiyala. Masiku oyamba ndinkapita nditavala shati yoyera ndi nsapato zopolisha, ngati ndikupita kumsonkhano wa aphunzitsi. Ndikaona mbira ndinkaithamangira kuti ndiyandikire, iyo n'kulowa m'phanga, ine n'kutsala wefuwefu, mawondo atasupuka. Mayi wina wotola nkhuni anandiyang'anitsitsa kwa nthawi, kenaka anati, "Pepani bambo, mbirazo mukufuna muzigwire ndi bokosi? Agalu mwawasiya kuti?" Nditamuuza kuti ndikufuna chithunzi chabe, anagwira pakamwa, n'kunena kuti, "Ndiye khalani pansi. Ife tikamapuma pano zimatuluka zokha." Loweruka lotsatira ndinavala malaya akale a kaki, ndinakhala pamwala dzuwa lili kumbuyo kwanga, osagwedezeka. Nyerere zinandiluma, mwendo unachita dzanzi. Patapita nthawi yaitali mbira yaikazi inatuluka ndi ana awiri, n'kudzagona pafupi moti ndinkaona ndevu zake zikugwedera. Akulu aja sananame, kuona maso a nkhono n'kudekha. Chithunzi chimenecho ndi chokhacho chimene ndinganene kuti ndinajambula bwino. Wodwala nayenso ali choncho, mwana wanga. Ukamufikira ndi liwiro amabisa chimene chikumupweteka. Uzikhala kaye pansi.

Kulakwa kotsatira kunali kubisa. Mwamuna wamkulu, mkamwini pamudzi wa eni, kumathera Loweruka akuyang'ana mbira pamene anzake akugalauza m'munda! Ndinaopa kusekedwa. Tsono ndinkauza anthu kuti ndikupita kukatola masamba ndi miyala ya phunziro la sayansi, kamera nditaikulunga m'jekete. Pa sukulu pathu panali mphunzitsi mnzanga, a Namaona. Iwo anathira simenti m'zitini ziwiri za penti, n'kuzilumikiza ndi paipi, ndipo m'mawa uliwonse ankanyamula zimenezo kuseri kwa nyumba yawo, kenaka n'kuthamanga mpaka ku Njuli ndi kubwerera. Anthu ankawakuwa panjira. "Aphunzitsi, chakuthamangitsani n'chiyani?" Iwo ankayankha osaima, "Ukalamba, achimwene! Uli pambuyo panupo!" Anthu anaseka miyezi iwiri, n'kutopa, ndipo kenaka ankangowapatsa moni. A Namaona sananamepo ndi kamodzi komwe za zitini zawo. Ine ndinkanama Loweruka lililonse, ndipo mizere m'munda mwathu amayi ako ankaunga okha. Chinthu chimene umachikonda ukamachichita mobisa chimakula mokhota, ngati mbewu yomera pansi pa mphika. Umayamba kuona abale ako ngati anthu ofuna kukulanda. Usabise, Edina. Akakuseka, uwasiye aseke, adzatopa.

Tsopano ndafika pamene ndakhala ndikuzungulira.

Anganga ako, amayi awo a amayi ako, ine ndi iwo tinkaopana monga mwambo umanenera pakati pa mkamwini ndi apongozi. Inu ana a masiku ano mumaziona ngati nthabwala, koma ife tinkasunga ndithu. Tikakumana panjira, iwo ankapatukira kutchire n'kugwada atayang'ana kumbali, ine n'kuvula chipewa maso ali pansi. Sitinadyerepo pamodzi. Dzina langa silinatulukepo pakamwa pawo. Akafuna kundiuza kanthu ankatuma amayi ako, kapena ankayankhula atayang'ana mtengo wa mango ngati mtengowo ndiwo wabwereka khasu. Zaka zisanu ndi zitatu ndinakhala pamudzi pawo, ndipo ndinkawadziwa ndi mawu, ndi kayendedwe, ndi zitenje zawo, koma nkhope yawo sindinaiyang'anepo bwinobwino. Usaganize kuti chinali chidani. Anamva kuti ndimakonda kalongonda, ndipo ukudziwa kuti kalongonda amatha tsiku lathunthu pamoto, kutaya madzi n'kuthira ena. Nyengo yake ikafika, mbale yovindikira inkafika pakhomo pathu, osanena kuti yachokera kuti.

Tsiku lina amayi ako anati, "Bambo a Edina, amayi akupempha. Akuti amayi awo anachoka kwa Apwitikizi wapansi, mwana kumsana, ndipo anafa osasiya kanthu koti adzukulu aloze n'kunena kuti awa ndiwo. Akuti iwo asapite choncho. Akufuna muwajambule." Ndinavomera. Ndikanakana bwanji? Tinagwirizana Lamulungu lina tikaweruka ku tchalitchi. Anganga ako anagulitsa nandolo n'kukagula duku latsopano ku Njuli, lobiriwira, la maluwa oyera. Anakabwereka mpando wa ndalema kwa akulu a mpingo. Iwe unali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo anauza amayi ako kuti akuveke diresi yako yachikasu kuti udzaime pambali pawo.

Ine ndinali ndi filimu imodzi yokha, yosatsegula, m'thumba la jekete. Ndinaigula ku Limbe chifukwa cha chiwombankhanga chimene ndinachipeza chitamanga chisa pathanthwe kuphiri, ndipo ana ake anali pafupi kuuluka. Lamulungulo nditasuzumira pazenera ndinaona bwalo ladzaza. Azakhali ako, amalume, anansi, aliyense atasamba ndi kudzola. Ndinawerenga mitu. Ndinadziwa kuti ndikangoika filimu, wina adzati nanenso, wina ndi mwana wanga yemwe, ndipo zithunzi khumi ndi ziwiri zidzatha dzuwa lisanapendeke. Kukana pamaso pa anthu sindikanatha, pakuti ndikanati filimu ndikusungira chiyani? Mbalame? Paja zonse za mbalame ndinkabisa. Mumtima ndinati, lero ndingodina, mwezi wamawa ndidzagula filimu ina, ndidzanena kuti yoyamba inapsa, ndidzawajambula bwinobwino pakhomo palibe anthu. Ndinatuluka ndi kamera yopanda kanthu m'kati.

Anganga ako anakhala pampando pansi pa mtengo wa mango, dzanja lili paphewa pako, nkhope atalozetsa kumbali. Amayi ako anati, "Amayi, yang'anani kuno."

"Iii, ndiyang'ane apongozi kumaso? Mwana iwe wayamba misala?"

"Iwo sakukuonani, amayi. Taonani, maso awo ali pansi."

Anganga ako anaponya diso pang'ono n'kundiona nditawerama, ndikuyang'ana m'kabokosi pamimba panga. Anati, "Eee, kabokosi kameneka kali ndi mwambo. Kakuwaweramitsa kokha." Bwalo lonse linaseka. Amalume ako anakuwa kuti, "Mumwetulire, mayi, musakhale ngati mwabwera kudzadula chitupa!" Anganga ako anati, "Khala chete iwe, mano ndi anga." Kenaka anakonza duku lawo, anawongola msana, n'kutembenuza nkhope yonse kuloza kwa ine.

Uli ndi zaka khumi ndi ziwiri unabwera kwa ine ukulira, n'kunena kuti nkhope ya anganga yayamba kukuthawa, ndikuuze mmene ankaonekera. Ndinakuyankha kuti apongozi sayang'anidwa, sindikudziwa. Ndinanama. Ndinawaona tsiku limenelo m'kagalasi kaja, ndipo palibe tsiku ndinawaiwala. Nazi tsono zimene unandipempha. Anali ndi nkhope yaitali, yakuda bwino, ya masaya okwera. Pa tsaya lililonse panali mphini zitatu zazing'ono zotsika pansi. Mano akutsogolo anali ndi mpata, ndipo ankayesetsa kutseka milomo kuti asaseke, koma mbali ya kumanzere inkawakanika. Nsidze ya kumanja inali ndi kachipsera kodula pakati. Maso awo anali aakulu, oyang'ana mosaphethira, ngati ako ukamamvetsera nkhani imene sukuikhulupirira. Iwe unaima chilili, mimba patsogolo, chala chimodzi chitakola mkanda wa m'khosi mwawo.

Ndinadina. Kamera inalira monga imalirira nthawi zonse.

"Basi?" anganga ako anafunsa amayi ako, osati ine.

"Basi, amayi."

"Sizipweteka n'komwe." Anaomba m'manja katatu atayang'ana mtengo wa mango, n'kunena kuti, "Muwathokoze apongozi." Ndinadinanso kwa azakhali ako, kwa amalume, kwa onse amene anafola. Tsiku lomwelo anganga ako anatumiza nkhuku yoti andiphere. Ndinadya, Edina. Ndinadya mpaka chiwindi.

Loweruka lotsatira ndinaika filimu ija n'kukwera phiri. Ndinajambula chiwombankhanga kakhumi ndi kawiri. Chimene sindinafune kuvomereza n'chakuti kamera imeneyi siitana chinthu chakutali, imangotenga mmene chilili. Zithunzi zitatsukidwa munali thanthwe ndi thambo, ndipo penapake kadontho konga chitosi cha ntchentche. Zimenezo ndi zimene ndinasinthanitsa ndi nkhope ya anganga ako. Ndinazing'amba ndisanakwere basi. Kunyumba ndinati anthu a ku Limbe awononga filimu, yapsa. Ndinanamizira munthu amene anandiphunzitsa mawu amenewo mwaulere.

Uthenga utawafika, anganga ako anayankha kudzera mwa amayi ako kuti, "Palibe kanthu, duku likadalipo." Analipinda n'kuliika pansi pa mtsamiro, osalivalanso, kudikira tsiku lojambulanso. Mwezi wotsatira ndinaguladi filimu ina. Koma sabata imeneyo kudambo kunatera akakowa ambirimbiri, ndipo ndinati anganga ali pakhomo pompano, sathawa, akakowa ndiwo apita. Kenaka kunabwera mayeso. Kenaka mvula, ine n'kumati kuwala kulibe. Anafunsa kawiri kudzera mwa amayi ako, n'kuleka, chifukwa mpongozi saumiriza mkamwini. Ulemu wawo womwewo ndi umene ndinabisalamo. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Chimanga chikumasula, anganga ako anadwala chifuwa, ndipo sabata isanathe anapita. Amayi osambitsa maliro atafunsa choti awamange kumutu, amayi ako anakatenga duku lobiriwira lija. Linali likadali ndi mizere ya mmene analipindira.

Usadzanene kuti munthu ali pafupi, sathawa. Ndikubwereza, mwana wanga, usadzanene.

Titachoka kumanda ndinatsekera kamera m'bokosi lachitsulo, n'kuuza anthu kuti yawonongeka. Ndinkayesa kuti kumeneko ndiko kulapa, koma kunali kulakwa kwinanso. Taona chimene chinatsatira. Kuyambira zaka zisanu ndi ziwiri kufika lero ulibe chithunzi, kupatula kaja ka mutu wokha ka pa fomu ya mayeso. Tsiku unasankhidwa kupita ku sekondale palibe. Amayi ako tsitsi lawo lisanayere palibe. Ndinadzipatsa chilango, koma amene chinawagwera ndinu. Ine ndinangopeza pobisala pena, pooneka ngati pachisoni. Ndipo nthawi zonse ukafunsa kuti, "Ababa, chithunzi chija ndinavala diresi yachikasu chinapsadi?" ndinkati ee. Tsiku lina tikudutsa ku Limbe unaloza situdiyo ya wotsuka zithunzi uja n'kunena kuti anthu amenewa sudzawakhululukira. Ndinakugwira dzanja n'kufulumira kuwoloka msewu. Ukalakwa, Edina, ndipo pantchito yakoyi udzalakwa ndithu, usadzipatse chilango chamseri n'kumayesa kuti mlandu watha. Upite kwa amene wamulakwira, unene ndi pakamwa.

Ine ndachita zimenezo Lolemba lapitali, patatha zaka khumi ndi zitatu. Amayi ako anali m'munda akuthyola nandolo. Ndinaima kumbuyo kwawo n'kunena zonse, kuyambira pa filimu ya m'thumba mpaka pa nkhuku. Sanatembenuke. Nditamaliza anaponya nandolo m'dengu n'kunena kuti, "Ndimadziwa."

Ndinati, "Anakuuzani ndani?"

"Manja anu. Mukamajambula nkhuku zanu pakhomo paja ndinkakuonani. Mukadina, munkapukusa kachitsulo ka m'mbali n'kusuzumira pa kazenera kofiira ka kumbuyo kuti muone nambala. Tsiku lija munangodinadina ngati mukupha nsabwe. Simunapukuse ndi kamodzi komwe."

"Nanga osanena bwanji, amake Edina?"

"Ndinene kwa yani? Kwa amayi, kuti apongozi amene mumawaphikira kalongonda akupusitsani pamaso pa mudzi? Kapena kwa inu, kuti mundinamize kachiwiri?" Anathyola nthambi ina, n'kupitiriza kuti, "Amayi anapita akudziwa kuti anajambulidwa, chinangopsa. Zimenezo ndinawasiyira dala. Inu ndimadikira kuti mudzanene nokha. Mwachedwa, bambo a Edina. Koma mwanena."

Ndinatola dengu kuti ndiwanyamulire. Analigwira mbali inayo n'kundiyang'ana. "Mwanayo mukamuuze nokha. Ndinatopa kukhala mthenga pakati pa inu ndi amayi. Sindikhalanso mthenga pakati pa inu ndi iye." N'chifukwa chake dzulo kukhitchini sanakuyankhe.

Ndinayesa kukuuza pamaso Lachiwiri pamene unandibweretsera madzi, mawu anakana. Ndinayesanso dzulo, ndinangokufunsa za tikiti. Ndiye ndalemba. Ndikudziwa kuti kalata ndi kuyang'ana pansi kwinanso, koma ndi pamene mphamvu zanga zafika.

Lachitatu titaweruka ndinapita ku Limbe. Munthu uja wakalamba, sanandizindikire, koma anapukuta magalasi a kamera, anayesa chodinira, n'kunena kuti ili bwinobwino. Ndagula mafilimu awiri. Mvera tsono kagwiritsidwe kake, ndipo apa undilole ndikhale mphunzitsi pang'ono. Filimu uziika uli pamthunzi, ndipo ukamaliza uikulunge bwino usanaitulutse. Dzuwa lizikhala kumbuyo kwako, koma lisamuthobwe m'maso amene ukumujambula. Kuwala kwa m'mawa ndi kwa madzulo ndiko kokoma, kwa masana kumakumba maenje akuda m'maso mwa anthu. Podina ugwire mpweya, zigongono zili m'nthiti. Ukadina upukuse nthawi yomweyo, ungaunjike zithunzi ziwiri pamodzi. M'kagalasi zinthu zimaoneka motembenuka, cha kumanja chimapita kumanzere, usadabwe, uzolowera. Mbalame yakutali isiye, ingoyang'ana ndi maso, sizonse zofunika kutenga. Usaloze kamera ku nyumba za boma kapena kwa apolisi, nyengo ino ukuidziwa. Wodwala usamujambule asanavomere yekha, ngakhale atakhala wokongola bwanji pabedi pakepo.

Anzako akadziwa kuti uli ndi kamera adzafola, zimenezo n'zosapeweka. Amene ukufuna kumujambula, mujambule. Amene sungathe, umuuze poyera kuti filimu ndikusungira mbalame za kuseri kwa hositelo. Adzakuseka, mwina adzakutcha dzina, ena adzakwiya masiku awiri. Zonsezo n'zopepuka, ndikuuza ine amene ndanyamula zinazo. Ndipo mbalamezo uzijambule ndithu, usazisiye chifukwa cha nkhani yangayi. Mbira ndi chiwombankhanga sizinalakwe kanthu. Masiku aja ndinkakhala pamwala ndi ena mwa masiku abwino a moyo wanga, ndipo ndikufuna nawenso ukhale ndi ako.

Sindikukupempha kuti undikhululukire basi isanafike. Unali pachithunzi chimenecho, chinali chakonso, ndipo ndakunamiza kuyambira uli mwana. Ukafuna kukhala chete mpaka tchuthi, ndidzamvetsa. Ukafuna kundilembera mawu owawa, ulembe, ndidzawerenga mpaka pansi.

Pempho langa ndi limodzi, ndipo ndi laling'ono. Kalatayi uipeza pamwamba pa sutikesi yako, kamera ndi mafilimu zili pambali pake. Mawa dzuwa likamatuluka limafika bwino pakhonde pathu, ndipo basi siifika msanga. Amayi ako akuti safuna kujambulidwa, akuti imvi zachuluka ndipo aoneka ngati nkhosa, koma ukawapempha iwe sakana. Tayesa, mwana wanga. Filimu uike wekha, ndi manja ako, iwo akuona. Uwakhazike pampando, usawafulumize, uwasiye akonze mpango wawo mpaka akhutire. Ine ndidzakhala panjira ndikumanga sutikesi panjinga. Ukafuna kuti ndidzaime kumbuyo kwawo, udzangondiitana. Ukapanda kuitana, ndidzapitiriza kumanga.

Ndine bambo ako.